Spitfire Mk IX: ndege yongogwirizira imene inakhalitsa

Mukatsegula bokosi la chidole chomata nokha cha Spitfire Mk IX, ndege yankhondo ya ku Britain ya pa Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse, la kampani ya Eduard, kaya la sikelo ya 1/48 kapena la 1/72, mupeza kuti tizidutswa tachuluka kuposa timene ndege imodzi ikufuna. Ziwongolero za kumchira zilipo ziwiri, china chozungulira, china chosongoka. Nsonga za mapiko zilipo zathunthu ndi zodula. Mawilo nawonso ndi amitundumitundu. Woyamba kumene ntchitoyi amayesa kuti akampani angomukomera mtima, amuikira zapadera kuti china chikathyoka asalire. Si choncho ayi. Tizidutswa totsalato tikuimira ndege zosiyanasiyana zimene zonse zinkadziwika ndi dzina limodzi, ndipo mukangotola chilichonse chimene chakusangalatsani n'kumata, mutha kupanga ndege yokongola ndithu koma imene sinaulukepo pankhondo ina iliyonse.

Kwa ife amene timachita kuitanitsa bokosi ku Johannesburg, kapena kunyengerera wachibale wochokera ku UK kuti atisungire malo m'chikwama, kulakwitsa kotereku kumapweteka. Ndiye maganizo anga ndi awa: dzina la pabokosi silokwanira. Mk IX imafuna kuti musankhe ndege imodzi, ya nambala yake, m'mwezi umodzi wa moyo wake. Chifukwa chake chili m'mmene inabadwira.

Cha m'ma August ndi September 1941, oyendetsa ndege a RAF, gulu la ndege zankhondo la Britain, amene ankapita kukaputa Ajeremani kumpoto kwa France anayamba kubwerako ndi nkhani yosautsa. Ankakumana ndi ndege yachilendo, yamphuno yaifupi ndi yonenepa, imene inkawasiya pa liwiro, pokwera ngakhalenso potsika. Akazitape a asilikali poyamba anati mwina ndi ndege za Curtiss Hawk zimene Ajeremani analanda kwa Afalansa. Anyamata amene ankawomberedwawo ankadziwa kuti Curtiss yakale ija singachite zoterozo. Inali Focke-Wulf Fw 190 ya Kurt Tank, ya injini ya BMW 801. Spitfire Mk V, imene RAF inkadalira nthawi imeneyo, inkaiposa pa chinthu chimodzi chokha, kukhota mothina. Koma kukhota kumangokupulumutsa. Sikukupezetsa mdani amene akusankha yekha nthawi yobwera ndi yochoka.

Mankhwala ake anali kale m'nyumba, kungoti anawakonzera wodwala wina. Ku Rolls-Royce, katswiri wa masamu Stanley Hooker ndi anzake anali atakonza injini ya Merlin yokhala ndi supercharger yopanikiza mpweya kawiri motsatizana. Ankaikonzera ndege yoponya mabomba ya Wellington yoti iziuluka m'mwamba kwambiri, kumene mpweya umachepa ndipo injini wamba imabanika. Mpweya ukapanikizidwa kawiri umatentha kwambiri, choncho anawonjezera choziziritsira, chotchedwa intercooler, pakati pa supercharger ndi masilinda. Mu September 1941 anayesa injiniyi pa Spitfire ya nambala N3297, ndipo ndegeyo inasanduka ina. Mk V inkathamanga pafupifupi makilomita 600 pa ola. Ya injini yatsopanoyi inkafika cha m'ma 650, ndipo ikakwera m'mwamba mphamvu sizinkatha msanga ngati kale.

Chilichonse chimene maso anu amazindikirira Mk IX chikuchokera pa injini imeneyi. Merlin 61 inali yaitali, motero mphuno inatalika ndi masentimita pafupifupi 23. Mphamvu zinachuluka, ndiye pulopela ya Rotol inakhala ya masamba anayi m'malo mwa atatu. Mapaipi otulutsa utsi ndi asanu ndi limodzi mbali iliyonse. Pansi pa mapiko, pamene Mk V inali ndi rediyeta yaikulu kumanja ndi kachoziziritsira oyilo kozungulira kumanzere, Mk IX ili ndi mabokosi awiri ofanana, popeza intercooler inkafunanso rediyeta yakeyake. Ukaitembenuza chagada, kufanana kwa mabokosi awiriwo ndiye chizindikiro chosanama.

Tsono apa ndi pamene nkhani imakoma. Joseph Smith, amene anatenga udindo wokonza Spitfire R. J. Mitchell atamwalira mu 1937, anali ndi dongosolo labwino lolandirira injiniyi. Kunali kudzabwera Mk VII youluka m'mwamba kwambiri ndi Mk VIII ya ntchito zonse: thupi lolimbitsidwa, wilo la kumchira lobisika ikanyamuka, matanki a mafuta m'mapiko. Koma zimenezi zinkafuna kusintha zipangizo za m'fakitale, ndipo anthu anali kufa tsiku ndi tsiku pamwamba pa nyanja ya pakati pa England ndi France. Ndiye anangotenga thupi la Mk Vc, kulimbitsa pogwira injini, n'kulowetsamo Merlin 61. Chinali chigamba chongodikirira malaya atsopano. Malayawo atafika, Mk VIII inapangidwa yosakwana 1,700, ndipo inatumizidwa kutali, ku Mediterranean, ku Australia ndi ku Burma, kumene mu 1944 asilikali a KAR (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland ankavutika ndi matope a m'chigwa cha Kabaw. Chigamba chija ndiye chinapangidwa choposa 5,600, chachiwiri kwa Mk V yokha pa Spitfire zonse zoposa 20,000. Zambiri zinatuluka m'fakitale ya Castle Bromwich ku Birmingham.

Gulu loyamba kulandira Mk IX linali 64 Squadron ku Hornchurch, chapakati pa 1942. Masiku omwewo, pa 23 June, Armin Faber anasokonezeka njira pambuyo pa nkhondo ya m'mlengalenga n'kukatera pabwalo la Pembrey ku Wales ndi Fw 190 yake yosawonongeka. Angelezi anaiulutsa moyerekeza ndi ndege zawo, ndipo zinaoneka kuti Mk V inalidi m'madzi, pamene Mk IX inkalimbana nayo bwinobwino. Pa 30 July Donald Kingaby anagwetsa Fw 190 ali mu Mk IX, ndipo pa 19 August, tsiku limene Britain ndi Canada anaukira doko la Dieppe ku France, magulu anayi anali nazo. Chimene chinkasowetsa mtendere Ajeremani n'chakuti patali Mk V ndi Mk IX zinkaoneka chimodzimodzi. Munthu sankadziwa kuti waputa iti mpaka nkhondo itayamba.

Pa ndege zoyambirirazi pali imodzi imene ndimaikonda. Pa 12 September 1942 Emanuel Galitzine, mbadwa ya banja lachifumu la ku Russia, anathamangitsa Junkers Ju 86R pamwamba pa Southampton, pamtunda wopitirira mamita 13,000. Spitfire yake anali ataichotsa zitsulo zotchinga zipolopolo ndi mfuti zing'onozing'ono zonse kuti ipepuke, n'kungosiya mizinga iwiri. Mzinga umodzi unakanirira, ndiye akangowombera ndege inkapotokera mbali. Junkers ija inathawa ili ndi bala limodzi paphiko, koma Ajeremani analeka kutumiza ndege zotero kudzaponya mabomba ku England. Amene akufuna Mk IX yosiyana ndi ya wina aliyense ayambire pamenepo.

Popeza inali yongogwirizira, palibe amene anakhala pansi n'kunena kuti Mk IX yomalizidwa ndi iyi. Ankangosintha kanthu apa, kanthu apo, fakitale ikugwirabe ntchito, ndipo ndege zakale zikapita kokakonzedwa zinkabwerako ndi ziwalo zatsopano. Zoyambirira zenizeni, zimene Rolls-Royce inasandutsa kuchokera ku Mk V ku Hucknall, zinali ndi zivundikiro za injini zochita kuwonjezera, zokhala ndi timatumphu pamwamba. Kenako kunabwera chivundikiro chosalala, ndipo chakumapeto china chotukuka pang'ono. Kusiyanaku pa 1/72 n'kochepa, koma pa 1/32 ya Tamiya kapena 1/24 ya Airfix, imene mapiko ake amafika pafupifupi masentimita 47, diso limakugwira msanga.

Pansi pa mphuno yang'anani polowera mpweya wa kabureta. Pa ndege za 1942 ndi zambiri za 1943 m'pafupi, kamlomo chabe. Pambuyo pake anaika chotalika chokhala ndi sefa ya Aero-Vee, chimene chinathandiza kwambiri pa mabwalo afumbi a ku Normandy ndi ku Italy. Kumchira, chiwongolero chozungulira ndi chakale, chosongoka ndi chapambuyo, koma zozungulira zinapitirirabe mpaka mu 1944, choncho musangodalira chaka. Zipsepse zokwezera ndi kutsitsira ndege nazonso zinasintha: zoyamba zili ndi nyanga yaing'ono kunsonga, zapambuyo yaikulu. Ndi kanthu ka mamilimita ochepa, koma pachithunzi chojambulidwa chakumwamba kamaoneka.

Zilembo ndiye zimasokoneza anthu ambiri. F, LF ndi HF zimanena za injini basi. F ndi Merlin 61 kapena 63. LF ndi Merlin 66, imene inayamba mu 1943 ndipo anaichuna kuti izipereka mphamvu zake zonse chapansiko, kumene nkhondo zambiri zinkachitikira. HF ndi Merlin 70 ya m'mwamba. Ambiri amaganiza kuti LF ndiye kuti mapiko odula, pamene LF zochuluka zinkauluka ndi mapiko athunthu. Kudula nsonga kunali kosankha, kuti ndege izigudubuzika msanga, ndipo nsongazo zinkamasulidwa ndi kubwezeretsedwa. Chinanso, mukawerenga m'mabuku a oyendetsa ndege kuti “IXB”, musathamangire phiko la B la pa Mk V. Ilo linali dzina lawo la m'kamwa la ndege ya Merlin 66, pamene ya Merlin 61 ankaiti “IXA”.

Mapiko enieni a Mk IX ndi awiri. Phiko la C lili ndi mizinga iwiri ya Hispano ya mamilimita 20 ndi mfuti zinayi za Browning .303 chakunsonga. Mzinga uli m'chipinda chamkati, ndipo pambali pake chakunja pali kachitsa kotsekedwa. Phiko la E, limene linayamba mu 1944, linataya mfuti za .303, n'kusamutsira mzinga m'chipinda chakunja, ndipo m'chamkati munalowa Browning ya .50. Ndiye pa E, mpope wautali uli kunja, kachitsa kali mkati, ndipo chotupa cha pamwamba pa phiko, chophimba mzinga, chasunthira kunja. Anthu amasinthanitsa zimenezi kawirikawiri, ndipo guluu akauma palibenso kuchitira mwina. Pa C pomwepo, zotupa zoyambirira zinali zazikulu zophimba malo a mizinga iwiri, zapambuyo zopyapyala. EN398, ndege imene Johnnie Johnson ankatsogolera nayo anyamata a ku Canada ku Kenley mu 1943, yolembedwa JE-J, ndi ya gulu loyambirira. MK392, imene anali nayo mu 1944, ndi ya gulu lapambuyo. Zilembo n'zofanana, mwini wake ndi yemweyo, koma tizidutswa n'tosiyana.

Za penti sizivuta kwenikweni. Kuyambira August 1941 ndege zankhondo zamasana za ku Britain zinkapakidwa Ocean Grey ndi Dark Green pamwamba, Medium Sea Grey pansi. Chipewa cha pulopela ndi lamba wa kumchira ndi za mtundu wa Sky, ndipo m'mphepete mwa phiko kutsogolo, chakunsonga, muli kamzere kachikasu. Zizindikiro zozungulira za pathupi ndi zija za mzere woyera ndi wachikasu wopyapyala, popeza zamizere yonenepa zinatha Mk IX isanafike m'magulu. Ofuna mitundu ya kuchipululu ali ndi ndege za Apolishi a Stanisław Skalski, amene anamenya nkhondo ku Tunisia kuyambira March mpaka May 1943 ali pansi pa 145 Squadron, zolembedwa ZX: Dark Earth ndi Middle Stone pamwamba, Azure Blue pansi.

Mizere ya D-Day, tsiku limene asilikali a Britain ndi anzawo anakocheza ku Normandy, ndi imene imayambanitsa anthu. Inalipo isanu, itatu yoyera ndi iwiri yakuda, uliwonse wa mainchesi 18 pa ndege ya injini imodzi. Pa 1/72 ndi mamilimita 6.35, pa 1/48 ndi 9.5. Inapakidwa mothamanga, kutangotsala tsiku limodzi kapena awiri kuti 6 June 1944 ifike, nthawi zambiri ndi mabulashi akuluakulu. Pachifukwa chimenechi ena amaipaka mokhotakhota dala, amvekere ndi mmene zinalili. Ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Kukhota kwa dzanja la munthu pa ndege ya mamita 9 ndi theka, mukakuchepetsa ka 72, kumatsala ngati tsitsi. Mizere yokhota kwambiri pa kandege kakang'ono imangooneka ngati wopentayo anali ndi tulo. Gwiritsani tepi, koma musayeretse kwambiri mtundu woyerawo, ndipo onani ngati opaka anazungulira zilembo kapena anazikwirira. Kumbukiraninso mwezi: pofika July mizere ya pamwamba inayamba kufufutidwa, n'kutsala ya pansi, ndipo pakutha pa chaka inali itachotsedwa.

Pokalambitsa ndege, anthu amakonda kumwaza siliva paliponse ngati penti wasupuka. Dziwani kaye chimene chili pansi pa pentiyo. Pa ndege zambiri masamba a pulopela ya Rotol anali a matabwa opanikizidwa, choncho sangaonetse aluminiyamu pakati pa tsamba. Chiwongolero cha kumchira ndi zipsepse zokwezera zinali zokutidwa ndi nsalu. Posupuka penipeni ndi patsinde pa phiko lakumanzere, pamene woyendetsa ndi amakaniko ankaponda pokwera, ndi m'mphepete mwa zitseko za mfuti. Pamimba, kumbuyo kwa injini, Merlin inkadontha oyilo kwambiri, ndiye pamenepo musaumire. Mpando unali wa pepala loumbidwa ndi utomoni, wofiirira, osati wobiriwira ngati makoma a chipinda. Kachitsulo kotsegulira mwadzidzidzi ka pachitseko kanayamba kupakidwa kofiira nkhondo itatha. Ndipo musavutike kukoka ulusi kuchokera pamlongoti wa wailesi kupita kumchira, chifukwa wailesi za VHF za nthawi ya Mk IX zinalibe waya ameneyo. Zoyambirira zinali ndi mawaya ena awiri ochokera kunsonga za mchira kupita m'mbali mwa thupi, a chipangizo chozindikiritsa kuti ndegeyo ndi yathu, ndipo kenako analowedwa m'malo ndi kandodo pansi pa phiko lakumanja. Mafulapu, zipsepse za kumbuyo kwa phiko zimene zimatsitsidwa potera, asiyeni otseka. Pa Spitfire ankatsekereza mpweya wa kumarediyeta, motero woyendetsa ankawakweza akangotera.

Pofika 1944 ntchito ya Mk IX inali itasintha. Kuthamangitsana kwa m'mwamba kunayamba kupita kwa Mk XIV ya injini ya Griffon ndi Tempest, ndipo Mk IX inayamba kunyamula mabomba, limodzi la mapaundi 500 pamimba ndi awiri a 250 m'mapiko. Pa zokolekera zomwezo ena ananyamulapo migolo ya mowa kupititsira anzawo ku Normandy, nkhani imene opanga zidole za ndege sanaisiye, moti timigolo timeneti timagulitsidwa. Komabe mano inali nawo. Pa 5 October 1944 oyendetsa asanu a 401 Squadron ya ku Canada anathandizana kugwetsa jeti ya Me 262 pafupi ndi Nijmegen. Kum'mwera, 237 Squadron, gulu la Rhodesia, linkauluka ndi Mk IX kuchokera ku Corsica, ndipo mmodzi mwa amene anagwetsedwa kumpoto kwa Italy mu July 1944 anali Ian Smith, yemwe uja amene anadzakhala nduna yaikulu ya Rhodesia. Zoposa 1,000 zinatumizidwa ku Soviet Union, kumene zinapakidwa nyenyezi zofiira.

Mk XVI musaione ngati ndege ina. Ndi Mk IX yomweyo ya injini ya Merlin 266 yopangidwa ndi Packard ku America, ndipo anaipatsa nambala yake chifukwa zipangizo ndi masipanala a injini ziwirizo sizinkagwirizana. Zinapangidwa zopitirira pang'ono 1,000. Thupi lodulidwa kumbuyo ndi galasi looneka ngati dontho, zimene zinabwera mu 1945, zimapezeka kwambiri pa XVI, ngakhale Mk IX zina zomaliza zinali nazo. Nkhondo itatha ndegezi zinamwazikira ku South Africa, Norway, Denmark, Netherlands, France ndi kwina. Mu 1948 Egypt inali ndi Mk IX, Israel nayo inagula zake ku Czechoslovakia, ndipo zinawomberana zokhazokha.

Msampha womaliza ndi ndege zimene zikuulukabe lero. Zithunzi zake n'zambiri pa intaneti, zamitundu, zowala bwino, ndipo munthu amakopeka kuzitsatira. MH434 ya ku Duxford ndiyo yotchuka koposa. Inatuluka ku Castle Bromwich mu 1943, n'kupita ku 222 Squadron, kumene Henry Lardner-Burke wa ku South Africa anagwetsa nayo ma Fw 190 itangofika kumene. Koma ndege imene yakhala ikuuluka zaka zoposa 80 yasinthidwa zambiri. Pa ndege zobwezeretsedwa mupeza mawilo a nthawi ya mtendere a mipata itatu m'malo mwa isanu kapena inayi, chotupa pamwamba pa phiko pamene pamalowa teyala, malamba amakono, tinyanga ta wailesi zatsopano, ndi penti wonyezimira wosavuta kutsuka. Zimenezi zimathandiza pofuna kumvetsa maumbidwe a mphuno kapena mmene rediyeta imakhalira mkati. Koma ngati mukupanga MH434 ya August 1943, yolembedwa ZD-B, tsatirani chithunzi chakuda ndi choyera cha chaka chimenecho, ngakhale chikhale chosaoneka bwino. Mukachipeza, yambani ndi kuwerenga mipata ya pawilo, kenako mchira, kenako polowera mpweya, musanadule kachidutswa ngakhale kamodzi.